Galamafoni ya Alamu a ku Nathenje

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mitundu tilipo, ndipo amayi mwendo uja wayamba kupepukako.

Nkhani ndi ya alamu athu a ku Nathenje. Atagulitsa fodya anakagula galamafoni yodula, akuti imatulutsa mawu ngati oimbawo wakhala nawo pamkeka. Lamlungu anabwera nayo kudzaipikisanitsa ndi ya malemu bambo. Ati mbale za nyimbo zija zikungowonongeka pa chiphakasa chathuchi, bola azitenge iwo.

Anayamba ndi kuyeza tebulo ngati mmisiri, ana n'kuwaletsa kuyenda m'nyumba. Titaika mbale yokalikakalika imene amayi amaikonda ija, singano yawo inangodumphadumpha ngati chitete. Ndinati, "Alamu, tisanjikepo kamwala monga ankachitira bambo." Anatsala pang'ono kulira. "Mwala? Pa singano imeneyi?" Yathu, ndi kamwala kake, inaimba mpaka kumapeto, amayi akutsatira chapansipansi.

Koma manyazi alibe. Akuti vuto linali tebulo, abweranso kudzatenga mbalezo, ndipo mukudziwa kuti amayi sangakanize mkamwini pamaso. Chonde muwaimbire foni alamuwo, inu amakuopani. Mukazengereza, amayi azikhala m'nyumba ya zii.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yamikani