Mbozi Zanga ndi Mtengo wa Apongozi

Lolemba, 2 Okutobala 2023

Aswa! Mazira a mbozi za silika aja anandipatsa a Ezara, aphunzitsi opuma a ku Mphunzi, omatirira pa kapepala. Ndimati andinamiza, ndi njere za fodya. Lero kapepala konse kakuyenda. Timbozi takuda, tating'ono ngati tsitsi logwa pometa. Ndatisamutsira pa lichero ndi nthenga ya nkhuku. Chakudya: masamba a mabulosi, oduladula ngati ndiwo za wodwala.

Mkazi wanga Kettie akuti, "Amuna a anzanga amaweta nkhumba." Ndamuyankha kuti nkhumba siluka nsalu.

Makina osokera ndinadziphunzitsa ndekha. Pepala la luzi la nthochi, ndekha. Utoto wa makoko a anyezi, ndekha. Tsopano ndikufuna pepala la silika. A Ezara akuti mbozi yokhwima ukaiika pa chinthu chosalala, chopanda poti ikolowekepo ulusi, imalephera kumanga chikwa, imangoyala ulusiwo ngati mkeka. Pepala losasinja, losanyika, lopanda guluu. Ndilione ndi maso angawa.

Lachisanu, 13 Okutobala

Dzulo zinasiya kudya. Mitu m'mwamba, zili duu ngati mpingo pa pemphero. Ndinati zafa. Ndinawatukwana a Ezara chamumtima, mpaka agogo awo.

M'mawa uno zafundula. Khungu lakale latsala pa tsamba ngati sokosi yovulidwa, mbozizo zatuluka zoyera, zazikulupo. Anazisokera ndani chovala china mkati mwa chakale? Ndatenga khungulo kupita nalo padzuwa kukafuna msoko. Telala mzimayi kapena mwamuna, aliyense amasiya msoko. Apa palibe.

Miyendo ya tebulo ndaiika m'zitini za madzi. Nyerere zanunkhiza kale.

Loweruka, 21 Okutobala

Malichero onse a m'nyumba muno atha, Kettie akupetera m'beseni. Zakula ngati chala changa. Zikamadya zonse pamodzi kumamveka ngati mvula yamawawa pa denga la udzu. Ndimaimitsa makina kuti ndimve.

Vuto. Kamtengo kanga ka kuseri kwa bafa kangotsala ndodo. Mtengo waukulu wa mabulosi m'mudzi muno ndi umodzi, pabwalo pa apongozi, amayi ake a Kettie. Ine mkamwini. Chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso, tikakumana pa njira ndimapatukira m'tchire, minga kaya chitedze. Kupempha ndekha sikungatheke. Ndatuma Kettie.

Yankho: mthunziwo ndi wawo m'dzuwa la Okutobala lino, ndipo "mbozi kwawo ndi kutchire, osati pa lichero la mwana wanga."

Lamulungu, 22 Okutobala

Pakamwa pangapa.

Ndinali pakhonde, ndikusita. Ndinauza Kettie mokweza kuti mthunzi umenewo ntchito yake ndi kulera miseche, pansi pake sipanasokedwepo ngakhale batani. Ndi zoona, sindibweza. Koma apongozi anali kuseri kwa mpanda, akuyanika nyemba. Sanatsokomole n'komwe. Ndinangomva lichero likuikidwa pansi pang'onopang'ono.

Kettie sakundilankhula.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Njala m'malichero. Ndayesa masamba a chinangwa, a mpiru, a mapichesi. Zikununkhiza, n'kutembenuka. Kanthu kopanda maso ooneka, koma kodziwa mtengo umodzi pa dziko lonse lapansi, ndipo kalolera kufa kusiyana n'kudya wina. Ndakwiya nazo. Ndagoma nazonso.

Njinga mpaka ku Chongoni, poti ndinamva kuti kuli mabulosi. Kamtengo kamodzi, mbuzi zinandiyambira kale. Masamba odzaza chipewa, pofika kuno atafota. Mbozi zawamaliza madzi a tiyi asanawire.

Zina zafewa, zafa. Zotsala zikungozungulira m'mphepete, mitu ikufunafuna.

A Ezara pa foni: "Zatsala pang'ono kuluka, koma ano ndiwo masiku amene zimadya koposa. Yanjala siluka, a telala."

Lachitatu, 25 Okutobala

Kettie watsegula pakamwa. Akuti njira ndi imodzi: nkhuku yopepesera, kudzera kwa ankhoswe, amalume ake a Zikhalo. Ine kupepesa chifukwa chonena chilungamo? Ndinakana. Ndinamenyetsa chitseko, n'kulowa.

M'nyumba zii. Mvula ija kulibe. Mbozi imodzi inakwera pa chala changa, n'kuyamba kuchifufuza ngati ndi nthambi. Timiyendo take tozizira.

Ndinatuluka n'kuthamangitsa tambala wanga wofiira mudzi wonse ukuonerera.

A Zikhalo anaseka mpaka kutsamwa. "Ndakhalirapo milandu ya chigololo, ya malire, ya ng'ombe zodya mmera. Wa mbozi ndi lero. Mkamwini, zikaluka mundisokere kabudula."

Lachinayi, 26 Okutobala

Chigamulo chabwera. Apongozi anauza a Zikhalo, a Zikhalo anauza Kettie, Kettie anauza ine, ngakhale kuti zonse ndinazimva ndekha kudzera pa mpanda. Tambala walandiridwa. Masamba am'munsi ndi a mbuzi zawo. Apakati ndi mthunzi wawo. Akunsonga ndi a mbalame. "Ngati a telalawo ali mbalame, akwere."

Ankayesa ndichita manyazi. Ndakwera, imvi zangazi, thumba pakhosi. Atandiona ndikukumbatira thunthu anatola mkeka wawo n'kukadzitsekera m'nyumba, poti mkamwini sangakhale pamwamba pa mutu wawo. Amayi a pa mjigo anatula zidebe kuti aone bwino. Aone.

Kunsongako mphepo ina. Phiri la Dedza lonse poyera, mapaini ake ndondondo. Ndakhala mudzi uno zaka zonsezi maso ali pansi.

Mvula yabwerera m'malichero, yamphamvu. Ndinakhala pansi kumvetsera. Diresi limene anandisoketsa a Emily, la ukwati wa Loweruka, silinakhudzidwe, adzanena zawo.

Lolemba, 30 Okutobala

Kukwera m'mawa, kukwera madzulo, masiku onsewa. Mawondo asupuka. Chitseko cha apongozi chimatsekeka chokha ndikangotulukira.

Lero zasiya kudya mwa kufuna kwawo. Ndanyamula imodzi kuloza kudzuwa: ikuwala mkati ngati botolo la uchi. Ndasankha zonenepa, ndaziika pa galasi la zenera lakale, lokhazika pa chitini kuti zisatsike. Zina ndazipatsa udzu wouma kuti zimange zikwa zawo, kudzatuluke agulugufe oikira mazira.

Za pagalasi zinayamba zayendayenda, kufuna pokolowekapo. Palibe. Kenaka mutu uku, mutu uko, osapuma. Ulusi ukutuluka pakamwa, wosaoneka mpaka dzuwa litaugunda.

Ine ulusi ndimagula m'sitolo ku boma. Iyi ikuutulutsa m'thupi mwake, kuchokera ku tsamba limene ndinathyola ndekha dzana. Tsamba. Ndilembenso: tsamba.

Sindinadye. Kettie anabweretsa mbatata, nayenso anaiwala kutuluka.

Lachinayi, 2 Novembala

Pepala!

Ndalitukula pa galasi ndi nsonga ya lezala. Loyera ngati kakhungu ka mkati mwa dzira, lonyezimira, ukalipumira likuuluka. Ndakoka mbali zonse, silikung'ambika. Mbozizo zafupika, zagona pambali zopanda nyumba. Nyumba yawo ndi imene ili m'manja mwangamu. Ndazifunditsa kansalu.

Ndili chigwirire, pakhomo pada. Apongozi! Sanapondepo pakhomo pano ine ndili mkati. Khomo ndi limodzi, zenera silikwana munthu. Ndinatembenukira kukhoma ngati mwana wa sukulu wopatsidwa chibalo. Kettie anandilanda pepalalo n'kuwapatsira ndi manja awiri.

Ndinkangomva kapepalako kakulira pang'ono m'zala zawo.

Kenaka analankhula, osati kwa ine, koma kwa mbozi za pansi pa kansalu: "Inu ndiye mwadya mtengo wanga n'kuubweza woyera chonchi? Mayo ine." Sindinawamvepo akutero. Anapumira, n'kupitiriza: "Muwauze ambuye anuwo kuti ndikufuna lalikulu, lokwana duku. Apakati aja athyole. Mbuzi zidya zina."

Ine amene sindisowa choyankha, ndinangoti "zikomo" kwa khoma.

Pepala apita nalo. Sindinalione ngakhale theka la tsiku.

Duku! Ndiye kuti mazira atsopano, malichero ena, galasi lalikulu ngati tebulo. Ndipo apakati ndikathyola, iwo azikhala pati dzuwa likakwera? Pafunika chisakasa. Ndimanga ndekha, pamalo pomwepo, chachikulu chokwana iwo ndi anzawo onse amiseche aja. Mawa nsungwi ndi udzu. Diresi la a Emily mkuja, ukwati unadutsa kale. Ndifunsenso a Ezara ngati agulugufe aja akatuluka m'zikwa amafuna chakudya.