Zikhomo za Pampata

Lolemba, 4 Novembala

Zikhomo khumi ndi ziwiri, zonse pansi. Pa chikhomo chilichonse padzaima nsanja ya mapiko atatu, mphepo izidzapukusa magetsi. Miyezi iwiri ndikuyeza phiri limeneli. Bondo likuwawa. Injiniya wathu, mayi wamfupi amene timangowatchula kuti aMphepo, ayang'ana mapu anga n'kuti, “Mwagwira ntchito, achimwene.” Basi. Sataya mawu.

Lachinayi, 7 Novembala

Msonkhano ndi anthu a m'derali, pasukulu. Mabenchi osakwana. Ine ndimati tiwerenga pepala, aombe m'manja, tizipita. Ayi ndithu. AMphepo kuyala mapu pansi, kugwada, aliyense aloze nyumba yake. Ahedi anafunsa ngati mthunzi wa mapiko suzidzaphethira pamawindo a kalasi m'mawa. AMphepo anawerengera pomwepo. “Mukunena zoona, nambala 9 talakwitsa.” Pamaso pa anthu! Ine manyazi, poti chikhomocho ndinakhoma ndine. Koma anati talakwitsa, osati walakwitsa.

Kenako bambo wina woweta njuchi, chipewa chong'ambika. Akuti adokowe amadutsa pampata chaka chilichonse, mazanamazana, pomwe pali nambala 4 ndi 5. Anthu kuseka. AMphepo osaseka, kulemba.

Lamlungu, 17 Novembala

Sabata yathunthu pampata. AMphepo ndi bambo a njuchi pamwala umodzi, maso kumwamba. Akhwangwala okhaokha. Abwana a ku likulu pafoni tsiku ndi tsiku, kukalipa mpaka ine kumva ndili poteropo. Kunyumba ndinalonjeza kufika pa 10. Mwana wayamba kuyenda, ine kulibe. Ndakwiya. Mbalame zilibe maso kodi?

Lachiwiri, 19 Novembala

Adokowe abwera. Cha m'ma 9 koloko, thambo lonse mapiko. Motsika kwambiri, kuzungulira pamwamba penipeni pa chikhomo nambala 4. Ndinasiyira pa 600 kuwerenga. Bambo a njuchi anangovula chipewa. AMphepo anapukuta m'maso, kenako, “Achimwene, zulani.” Ndazula, osang'ung'udza.

Lachisanu, 29 Novembala

Malo atsopano kuseri kwa phiri. Kutali ndi sukulu, kutali ndi kasupe. Mphepo yocheperako pang'ono, msewu wotalikirako. Ndayezanso zonse, bondo latupa. AMphepo ayenda khomo ndi khomo kuonetsa mapu, ngakhale kwa mayi wina amene anawatukwana pamsonkhano uja. Anakhala nawo ola lathunthu pakhonde. Potsanzikana, onse awiri akuseka. Mtima wotere sindinauonepo pantchito ino.

Lolemba, 9 Disembala

AMphepo awachotsa. Kalata ikuti awasamutsa, koma tonse tikudziwa. Akuti achedwetsa ntchito. Anatsanzika aliyense ndi dzanja, mpaka alonda. Ine andisiyira kope lawo la mbalame. “Manambala ali momwemo, sanama.” Kapu yawo ikadali pawindo la ofesi, palibe waigwira.

Lachitatu, 11 Disembala

Injiniya watsopano, nsapato zonyezimira, phiri sanalikwerebe. Akufuna ndibwezere zikhomo pampata, ndisaine mapu akale, akuluakulu a ku likulu asanabwere Lachisanu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sindinatsutsepo bwana. Ndaimbira mkazi wanga, ndamufotokozera zonse. Mwana amalira chapatali. Kenako mkazi wanga anati, “Bambo a mwana, mubwere opanda ntchito, koma musabwere ndi manyazi.”

Sindisaina. Mawa m'mawa ndikwera kwa bambo a njuchi, ndidzere kwa ahedi, Lachisanu adzakhalepo onse. Ndidzaimirira ndine, kope m'manja. Sindinalankhulepo pagulu, mawu amandithawa, koma ndidzalankhula.