Masekondi Khumi ndi Asanu ndi Anayi a Bambo a Mkwatibwi

Lolemba, 3 Marichi

Filimu yachisanu ndi chimodzi ya katswiri wa zitseko uja. Ndamutcha choncho chifukwa kamera yake imangokhala pakhomo, osasuntha, anthu n'kumalowa ndi kutuluka okha. Ndayiimitsa ka 31, kulemba m'kope. Chaka chino ndiphunzira ntchito za akatswiri khumi otsogolera mafilimu, mmodzimmodzi. Wondiphunzitsa palibe, sindikumufunanso.

Kuntchito, kulumikiza vidiyo ina ya ukwati. Alamu anga, eni situdiyo, akuti ndiikemo mitima youluka. Mitima! Zaka khumi ndi ziwiri pantchitoyi, kamera amaigwirabe ngati akuthamangitsa nkhuku.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndayamba katswiri wachiwiri, mayi wojambula manja m'malo mwa nkhope. Mphindi zitatu, manja akupinda malaya basi. Ndinawaonetsa alamu pafoni. "Nanga mutu wake uli kuti? Wojambulayo anali ataledzera?" Achemwali anga kuseka mpaka kutsamwa tiyi. Awiriwa anapezanadi.

Loweruka, 8 Marichi

Ukwati. Holo yotentha, sipika yong'aluka. Alamu ndi kamera yaikulu, uku thamangu, uko thamangu. Ine ndi yaing'ono pakona, osaisuntha. Ondisowetsa mtendere anali bambo a mkwatibwi. Akangoona kamera, kubwera, dzanja m'mwamba, mano onse panja: "Mwana wanga, ndikuonekamo?" Kanayi konse. Munthu wa imvi zake.

Lachitatu, 12 Marichi

Alamu apita kukajambula msonkhano, ukwati wonse andisiyira. Mwayi wanga. Nyimbo ndachotsa. Manja a mkwatibwi ali pamaluwa, chitseko cha holo, mpando wopanda munthu. Mkulu wa "ndikuonekamo" uja ndamudula paliponse, latsala phewa lokha. Mphindi 24, osati maola atatu a phokoso aja. Zotsala ndafufuta zonse, alamu angazibwezeremo. Kwa nthawi yoyamba ndapanga chinthu chosandichititsa manyazi. Eni ukwati sachimvetsa. Zawo izo.

Lachisanu, 14 Marichi

Ndatumiza kwa eni ukwati. Zii. Mwina akudikira kuti wina avine. Anthu ozolowera shuga wambiri, uwapatse tiyi weniweni amati ngowawa.

Katswiri wachitatu sakundigwira mtima. Amalankhulitsa anthu kwambiri.

Lachiwiri, 25 Marichi

Mkwatibwi wabwera yekha, atavala zakuda. Bambo ake anagwa pabalaza patangotha sabata chichitikire ukwati. Mtima. Anaika kale m'manda.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Achimwene, vidiyo ndi yokongola. Koma ababa mulibemo. Anandiuza kuti anakupatsani moni kanayi. Ndikungofuna pamenepo."

Alamu kundiyang'ana. Ndinati ndifufuza.

Ndafufuza. Mukompyuta mulibe. Makadi a kamera anajambulidwapo kale msonkhano uja. Maola asanu ndi limodzi a anthu akuwodzera kutsogolo kwa mabotolo a madzi, onse alipo bwinobwino.

Lachitatu, 26 Marichi

Alamu sanandinene ngakhale liwu limodzi. Kuyambira m'mawa ali pafoni, kuimbira alendo a ukwati mmodzimmodzi, kupempha timavidiyo ta m'mafoni mwawo. Anthu 43. Aliyense amayamba amupepesa malirowo, kenako pempho. Sindinkadziwa kuti amatha kulankhula motsitsa choncho.

Timavidiyo tafika tisanu ndi tiwiri. Togwedera, tamdima, kena chala chatseka theka la chithunzi. M'kamodzi mkuluyo akuvina, jekete lili paphewa, akutembenuka, akuitana mwana wake kuti abwere. Masekondi 19. Ndakaonera kosawerengeka. Palibe choti ndingaduleko.

Mtsikanayo abwera mawa 9 koloko. Alamu akuti ndingomuuza kuti kompyuta inavuta, iwo andiikira kumbuyo. Akuti chilungamo sichimubwezera bambo ake.

Mwina akunena zoona. Komabe ndalemba papepala zoti ndikanene, kuopa kuthawa nazo akangolowa. "Chemwali, kompyuta sinalakwe. Ndinafufuta ndine, dala, chifukwa ndinkaona ngati bambo anu akundiwonongera filimu."