Fomu ya aLevulo

Gulu: Office

Lolemba

Mphwa 10:12
malume ndatuluka ku office ya training ija. njira zolipirira course ya aLevulo, mmisiri wa njerwa uja, zilipo zitatu

Malume 10:14
Nena mwachidule ndili pa site

Mphwa 10:16
yoyamba ndi fund ija makampani omanga timasonkhako chaka ndi chaka. imalipira zonse, inu kwanu nkusayina basi. koma mmisiri asapitirire zaka 35

Mphwa 10:17
yachiwiri tigawana ndi college half half. ilibe za zaka, koma munthu akhala mkalasi miyezi inayi salary tikumupatsa

Mphwa 10:18
yachitatu ndi ya kampani ya simenti koma akufuna amayi okhaokha. pokhapokha aLevulo avale diresi kkk

Malume 10:25
Ali ndi zaka zingati

Mphwa 10:26
ndaona pa ID mu file yawo. 37

Mphwa 10:58
china malume. mayi wa pa desk akuti dzina la aLevulo lili kale mu computer. fund inawavomera zaka zitatu zapitazo, malo anawasungira. chinasowa ndi signature ya bwana wawo

Mphwa 10:59
si paja munati anawakana?

Mphwa 13:30
ndaona kuti mwawerenga

Malume 16:05
🎤 voice note 0:58
Mwana wa mlongo wanga, tandimvera. Sanamukane munthu uja. Fomu inabwera, ine ndinaipinda n'kuiponya m'galimoto. Chaka chimenecho iwe unali usanayambe ntchito kuno. Amisiri awiri amene ndinawatumiza kusukulu anangolandira mapepala, mwezi usanathe ali ku kampani yaikulu, ngakhale kutsanzika ayi. Ndiye mtima unandiuza kuti uyunso akapita, khoma lowongoka andimangira ndani? Munthu woti amaona ndi diso kuti mzere wa njerwa wapendama levulo isanafike n'komwe. Atandifunsa ndinati ku office akana. Iye anangoti chabwino bwana, n'kukweranso pa sikafodi.

Mphwa 16:12
ayi malume

Mphwa 16:14
mukudziwa zomwe akupanga pano? titaluza tenda ya chipatala chifukwa chosowa mmisiri wa pepala analowa kwa amene anawina aja. akukankha wilibala. kapitawo wawo ndi munthu amene iwo omwe anamuphunzitsa kukoka chingwe

Malume 16:40
Ndikudziwa. Ndinawaona ndikudutsa. Sindinaime

Lachiwiri

Malume 07:20
Ndapeza wogula mixer ya konkire yaing'ono ija. Ikwana half yathu ndi salary. Uwaike aLevulo mu gulu muno ndilankhule nawo

Mphwa 07:22
mukawauza zoona zake?

Malume 07:23
Ingowaika iwe

Mphwa waika Levulo

Malume 07:31
ALevulo mwadzuka bwanji. Ana ali bwanji kunyumba

Malume 07:34
Bwererani kuno. Kampani ikulipirirani course ya pepala, miyezi inayi, salary izibwera ngati kale. Mukamaliza mudzakhala kapitawo wanga

Malume 09:50
missed call

Malume 11:15
missed call

Levulo 12:36
Tadzuka bwana. Pepani kuno foni amaletsa mpaka lunch

Levulo 12:44
🎤 voice note 1:31
Bwana, zikomo pondikumbukira. Koma ndinene zimene ndakhala nazo nthawi yonseyi. Tsiku lina munandituma kukatenga tepi m'galimoto. Pansi pa mpando ndinapeza fomu ija, itathimbirira ndi oyilo, dzina langa lili pamwamba, chidindo cha a fund chilipo, mzere wanu wokha uli mbee. Ndinaibweza pomwe ndinaipeza. Ndinkati tsiku lina mundiuza nokha. Ndinadikira mpaka zaka zinandipitirira. Chimandiwawa n'chakuti ine sindikanachoka. Galimoto yomweyo ndi imene munathamangira nayo kuchipatala ndi mayi a kunyumba kwanga tsiku limene mwana wathu woyamba anavuta kubadwa. Munthu wotero ndikanamuthawa bwanji? Mukanangondifunsa.

Malume 12:52
Ndinalakwa aLevulo. Ndiloleni ndikonze

Levulo 12:57
Madzi akatayika saoleka bwana. Lachisanu ndikumaliza kuno. Zida ndinagulitsa kale sabata yatha. Alamu anga andipatsa malo mu hardware yawo, ndizikayeza misomali pa sikelo

Mphwa 12:59
aLevulo chonde ganizaninso. manja ngati anuwo oyeza misomali?

Levulo 13:02
Achemwali msana wakana. Wilibala ya miyala si ya munthu wozolowera kuima pa khoma. Ndipo kalasi ndiiyambe lero ana atatu ali kusukulu? Zinadutsa

Levulo 13:04
Mixer musagulitse bwana, imadyetsa mabanja ambiri kuposa pepala langa. Koma muli ndi amisiri atatu osafika 35. Wa pulasitala uja chaka chamawa akwanitsa. Musamuchedwetse

Malume 13:05
Ndibwere kwanu Loweruka tidzakhale pansi?

Malume 13:40
ALevulo

Levulo watuluka mu gulu

Lachitatu

Mphwa 08:05
ndatenga mafomu atatu a fund. akutseka 4 koloko lero

Mphwa 09:30
malume ndiwasiye pa desk kapena?

Malume 09:48
Bweretsa pa site. Utenge ndi cholembera

Mphwa 11:20
ndapereka, onse atatu alowa. wa pulasitala akuti ndinene zkm kwambiri, mpaka misozi

Malume 11:52
Chabwino

Malume 14:10
Hardware ya alamu awo ili mbali iti

Mphwa 14:13
sananene malume