Dzina Langa pa Mtanda wa Achimwene

Lolemba, 3 Juni

Abwera nawo achimwene kuchokera kumzinda wa Dar. Galimoto yathera kumsewu wa ku Tukuyu chifukwa cha matope, anthu awanyamula pampando mpaka m'nyumba. Mbali ya kumanja yonse inafa. Pakamwa papotoka. Mwana wawo Tusajigwe akuti madokotala anena kuti palibenso chochita, akapumire kwawo.

Tusa wandigulira kope ili kuti ndizilembamo nthawi ya mankhwala. "Bambo aakulu, kulemba mumatha eti?" Ndati pang'ono. Za mankhwala ndalemba kumapeto. Kuno kutsogolo ndilemba zanga. Dzanja ndi lolemera, koma palibe kumene ndikuthamangira.

Pachikuto pali mzere wolembapo dzina. Ndausiya kaye.

Lachiwiri, 4 Juni

Nkhungu tsiku lonse. Amwa phala masipuni anayi.

Ndilembe bwinobwino, poti ngakhale malemu mkazi wanga sindinamuuze.

Ine sindine Lugano. Ndine Anosisye. Lugano ndi iwo agona umo. Ndipo sindine wamkulu, iwo ndiwo anayamba kubadwa, ine ndinabwera patapita zaka zinayi.

Chaka cha 1968 achimwene analephera mayeso a Sitandade 7. Kubwereza sikunkaloledwa. Ukalephera, dzina lako latha ntchito. Koma anthu anali ndi njira yawo: kutenga dzina la mwana wa kalasi ya m'munsi, n'kupita nalo kusukulu ina ndi kalata yosamukira. Ambiri ankatenga la mwana amene anasiya yekha. Ine sindinasiye. Ndinali mu Sitandade 4, nambala wani zaka zitatu zotsatizana.

Atate anandiitana kuseri kwa khola. Anati, "Ng'ombe zikufuna munthu, sukulu ikufuna munthu. Mkulu wako mayeso wawaona kale, njira akuidziwa. Um'bwereke dzina zaka zitatu zokha. Akakhoza akubwezera." Ndinafunsa kuti nanga ine ndizitchedwa ndani. Anati, "Lake lili pomwepo, silikugwira ntchito. Vala."

Achimwene anapita kwa amalume kutsidya kwa mtsinje wa Kiwira ndi kalata. Ine ndinatenga ndodo. Amayi akaiwala n'kundiitana kuti Ano, atate ankagunda ndodo pansi kamodzi, basi.

Anakhoza. Dzina linapita ku sekondale. Kuchoka uko linapita pa satifiketi, kenako ku ofesi ya kudoko, kenako pa kalata ya ukwati. Silinapezenso njira yobwerera.

Sindikufuna munda, sindikufuna nyumba. Ndikufuna asanapite anene pamaso pa mwana wawo kuti dzinalo ndi langa. Kuti pamtanda pawo palembedwe Lugano, langa lindidikire. Basi.

Lachitatu, 5 Juni

Lero sanatsegule maso. Mvula.

Lachinayi, 6 Juni

Kunabwera Tumpale kudzazonda, ndi chambiko m'chigubu. Tinali kalasi imodzi. Mwa onse amene ankadziwa, watsala ndi iye yekha. Ena anasamuka nthawi imene boma linkasonkhanitsa anthu m'midzi ya ujamaa, ena ali pansi pa nthochi. Zaka zonsezi sananditchulepo Lugano. Pagulu amangoti "iwe." Tikakhala awiri amati Ano.

Wandipeza ndikusenda nthochi pakhonde.

"Nambala Wani! Mpaka pano ukusendabe ngati ukulemba mayeso? Anthu afa ndi njala."

"Nanga iwe Nambala Sate, unabwera kudzazonda kapena kudzayendera sukulu?"

"Sate-wani. Usandikweze."

Tinaseka mpaka chifuwa. Kenako tinayamba zakale. Chitsulo cha gudumu chimene chinkapachikidwa pamtengo wa peyala, belu lathu. Zitini za makala zimene tinkanyamula m'mawa kuti zala zisaume. Aphunzitsi aja ankayeza makutu athu ndi chala ngati tasamba. Tumpale akukumbuka kuti ndinapata pensulo yofiira chifukwa chonena mathebulo mpaka thwelofu osapuma. Ine ndinali nditaiwala mtundu wake.

Chimene sindinaiwale ndi ichi. Miyezi yoyamba ndinkadyetsa ng'ombe dala kufupi ndi mpanda wa sukulu, nthawi yoitana mayina. Aphunzitsi ankati, "Ambele!" Mwanayo, "Ndilipo." Kenako ankapuma pang'ono. Kenako, "Asumwisye!" Pamene ankapumapo ndi pamene panali ine. Mwezi wachitatu analeka kupuma.

Ndamuuza Tumpale zimenezi. Wati, "Ndinkakuona pawindo. Malaya a sukulu unavala mpaka anathera pathupi."

Pochoka anatsitsa mawu. "Ano, ngati ukufuna kum'funsa, funsa msanga. Mphuno zayamba kuwonda zija."

Lachisanu, 7 Juni

Ndakhala ndikuganiza za ku tiyi. Ndinayamba kuthyola ndili ndi zaka 19. Chaka chachiwiri kunafunika kalaliki wa pasikelo. Kapitawo ankadziwa kuti ndimawonkhetsa makilo m'mutu kalaliki asanamalize kunyambita pensulo. Anandipititsa kwa bwana. Bwana anafunsa dzina, ndinati Lugano Mwakalukwa. Anayang'ana m'mapepala a kuboma, anati, "Iwe unalephera Seveni." Ndinati inde bwana. Ndikanati chiyani? Ndinalephera mayeso amene sindinawaonepo. Ndinabwerera ku dengu. Zaka 31.

Tumpale ndinam'funsira chaka chomwecho. Bambo ake anati mwana wawo sangapite kwa wothyola tiyi. Anapita kwa mphunzitsi. Sindimuimba mlandu.

Achimwene ankabwera pa Khirisimasi, buluku lotambalala m'munsi, wailesi paphewa. Pagulu ankanditchula "mkulu wanga," n'kumanditsinzinira diso. Kamodzi kokha ndinawafunsa, titaika atate. Ndinati, achimwene, dzina lija? Anayang'ana uku ndi uku. Anati, "Lili m'mabuku a boma tsopano. Tikalitokosa, kundende tipita tonse awiri." Anavula jekete n'kundiveka. Ndi lomweli ndavala lero, zigamba zitatu.

Masana atsegula maso. Tusa anali kuchapa kumpopi. Ndinakhala pamphepete pa bedi, n'kuwagwira dzanja lamoyo lija. Ndinati ndiyambe powaitana ndi dzina lawo lenileni, mwina mtima ukumbuka.

"Lugano."

Maso ali kudenga.

"A Lugano. Achimwene. Ndine mng'ono wanu."

Palibe. Ntchentche inatera pachipumi, ndinaiingitsa. Ndinayesanso katatu, pafupi ndi khutu. Ngati ndikuitana munthu wa kumudzi wina.

Kenako sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinati, "Anosisye."

Mutu unatembenuka. Pang'onopang'ono, koma unatembenuka. Maso anandipeza. Pakamwa panayesa kuyankha, "Ee."

Sanachite dala. Munthu wafika pamenepo sanama.

Ndinatuluka kukaima ku nthochi. Tusa anafunsa ngati utsi wandilowa m'maso. Ndinati eya.

Loweruka, 8 Juni

Sakumeza. Tusa wapachika chithunzi chawo cha ku sekondale pamwamba pa bedi, akuti aziona. Mnyamata wa tayi, buku m'manja. Pansi pake dzina.

Wandionetsanso mapepala ake a ku koleji, akuti ndione kumene thukuta la bambo ake linapita. Tusajigwe Anosisye Mwakalukwa. Ana ake awiri nawonso kusukulu amalemba agogo awo Anosisye. Ndiye ndinakumbuka anga atatu ali ku Mbeya ndi ku Tunduma. Onse dzina lawo lapakati ndi Lugano.

Atate anati zaka zitatu.

Lamulungu, 9 Juni

Apita. Belu lachiwiri la kutchalitchi likulira. Sananene kanthu.

Lolemba, 10 Juni

Anthu adzaza bwalo. Amuna akukumba kuseri kwa nyumba, pafupi ndi atate ndi amayi. Amayi a chigwirizano akuimba m'nyumba.

Chakumasana kunabwera Mwaisumo kalipentala, ndi mtanda wopala kale, chitini cha penti ndi kaburashi. Tinakhala pansi pa peyala: abusa, Tusa, ine, ndi akuluakulu awiri a mpingo. Tumpale anadzikokera kufupi ndi mtondo ngati akusankha nyemba.

Mwaisumo anati, "Ndipatseni zolemba, penti iume lisanalowe dzuwa. Ndipo munene kamodzi. Ine si wofufuta, mwezi watha ena anandisinthitsa chaka katatu, mtanda unachita kuoneka ngati mbuzi yamawanga."

Tusa anatulutsa chitupa cha bambo ake. Koma abusa anakweza dzanja. "Mwambo tisauphonye. Mwini maliro alipo. A Lugano, inu ndinu mkulu wa malemu, munawaona akubadwa. Mutiuze ndinu. Dzina lonse ndi chaka."

Munawaona akubadwa.

Tumpale anakhosomola. Kawiri. Nyemba zinaleka kulira m'lichero.

Ndinaimirira, chifukwa mawu otere sanenedwa chokhala. Ndinali nditawakonza kuyambira Lachiwiri. Ndinawakonza zaka 56. Ndinayamba kuti, "Abusa, pali kanthu kena kamene..."

Tusa anandiyang'ana. Maso otupa, chitupa wachigwira ndi manja awiri pachifuwa. Anati, "Bambo aakulu, nenani bwinobwino monga ankalembera okha. Ankadana nazo anthu akamalidula dzina lawo. Ankati ndi chinthu chokha chimene agogo anawasiyira."

Ndinaima. Ndinaona mutu uja ukutembenuka pa pilo.

Abusa anati, "Kanthu kanji, bambo?"

Ndinati, "Penti ikhale yoyera. Yakuda sioneka nthawi ya nkhungu."

Mwaisumo anaseka. "Mdala, yoyera ndi imene ndabweretsa. Dzina!"

Ndinanena. Anosisye Mwakalukwa. Wobadwa 14 Ogasiti 1956. Tusa anayang'ana pachitupa, anati, "Ee, mpaka tsiku mukulikumbuka!" Ndinati tsiku limenelo sindingaliiwale.

Tumpale ananyamula lichero n'kupita kuseri. Sanandiyang'ane.

Lachiwiri, 11 Juni

Taika.

Mbiri ya malemu anawerenga ndi mnzawo wa kudoko. Akuti malemu anali wanzeru kuyambira ali mwana, nambala wani kuyambira Sitandade 1 mpaka 3, aphunzitsi mpaka anam'patsa mphatso. Zinachokera mu kalata yosamukira ija, Tusa anaipeza m'sutikesi. Anthu anang'ung'udza movomereza. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Nzeru zimagwera mmodzi pabanja." Mnzake anam'gwira pakamwa.

Mtanda anandipatsa ine, poti ndine wamkulu. Ndinaugwira kumutu kwa manda anyamata akutsendera dothi. Penti inali isanaumitse, ina yatsala pachikhatho. Abusa anati ndiwongole, wapendekera kumanzere. Ndinawongola.

Malo atsala pambali pake ndi anga. Mwaisumo wanena kale moseka kuti thabwa lina wandisungira. Adzalemba Lugano, 1952. Ana anga adzam'patsa chitupa, ndipo adzalemba kamodzi.

Lachitatu, 12 Juni

Tusa wapita ku Tukuyu kukatenga kalata ya imfa. Alendo ambiri abwerera. Ndachapa dzanja ndi phulusa, penti sikuchoka.

M'mawa ndimasesa masamba a nthochi kuzungulira manda. Tumpale anatulukira kunjira ya kumtsinje, akubwera kudzatenga chigubu chake. Anaima pampanda. Panalibe munthu wina aliyense.

Anaitana, "Ano!"

Ndinamva bwinobwino. Koma mutu wanga sunapite kwa iye. Unatembenukira kumtanda, ngati ndikudikira kuti ayankhe.

Tsache lili m'manja.

Kenako anaitananso, motsitsa.

"A Lugano."

Ndinati, "Ee."