Maso a Bernadette

Lolemba, 21 Meyi 2018

Kalata yosiya ntchito ndalemba, ili m'chikwama. Sukulu ya ku Oadby ikundifuna. Ana a madokotala, kuweruka dzuwa likadalipo. Kuno ku sukulu yathu ya ku Beaumont Leys, ku Mangalande konkuno, 7 koloko ndili kale pageti ngati mlonda, kuyendera mataye a ana. Digiri yonse ya masamu ija kuthera pa mataye! Ndipereke pofika Lachisanu, tisanatsekere holide, apo ayi ndakhalanso chaka china.

Koma ndinene zoona, poti palibe akuwerenga. Ana amene sukulu zina zinawalephera, kuno akusova aljebra. M'kalasi zii. Zimandipweteka kuti nkhanza za pasukulu panozi zimathandiza.

Lachiwiri, 22 Meyi

Lamulo lalikulu kuno: mphunzitsi akamalankhula, maso onse pa iye. Kuyang'ana kwina, chilango. Zikakwana zisanu, tsiku lonse m'chipinda cha wekha.

Bernadette, wa m'kalasi mwanga, wachokera ku Zomba mwezi watha, mayi ake ndi anesi. Zilango ali nazo kale zinayi. Mlandu wake: sayang'ana aphunzitsi. Mwana woleredwa! Wamkulu akamalankhula, maso pansi, nanga si ndi mmene tinakulira? Lero wandipatsa kope ndi manja awiri, bondo atapinda pang'ono.

Ndatsegula kompyuta kuti ndione mbuli zimene zinamulemba. Chilango chachitatu ndinalemba ndine. Sabata yatha, nditatopa. Ine, mwana wa ku Ntcheu.

Lachitatu, 23 Meyi

Ndapita kwa ahedi, a Tabassum. Mawu ndinakonzera m'basi, akuthwa bwino, kalata ili m'manja kuti akangokana ndiwaponyere patebulo. Iwo ali pa swaumu, kusala kudya kwa Asilamu, milomo gwa, koma andimvetsera osandidula. Kenako m'Chichewa, chimene sindinkadziwa kuti ali nacho: "Bambo anga anali ndi sitolo ku Limbe. Mpaka lero sindiwayang'ana m'maso. Ndinaiwala bwanji?"

Ndisanayambe kunyada, anawonjezera: "Nanga inu a Mtendere, munadikira zilango zinayi chifukwa chiyani?"

Munthu wosadya kuluma chonchi! Kalata yabwerera m'chikwama.

Lachinayi, 24 Meyi

Zilango zonse zafufutidwa. Pamsonkhano wa m'mawa andiimika kuti ndifotokozere aphunzitsi onse za maso pansi. Mwapezeka ana ena asanu ndi mmodzi, a ku Zimbabwe ndi ku Somalia. Kumene ndinkaphunzitsa kale, nkhani yotere ikanafuna komiti ndi miyezi itatu. Kuno tsiku limodzi. Liwiro lomweli ndi limene linachotsa mphunzitsi mnzanga Willie ntchito chaka chatha, sindinaiwale.

Lamulo silinachoke, a Tabassum sagonja chotero. Akhala ndi Bernadette nthawi yopuma. Akuti anamuuza kuti kunyumba maso pansi, kuno ayambe n'kuyang'ana chipumi cha mphunzitsi, maso adzatsika okha mpaka kukumana ndi a mphunzitsiyo.

Lachisanu, 25 Meyi

Piriyodi yachiwiri. Ndikulemba pabolodi, dzanja m'mwamba. Bernadette. Osati chipumi ayi, m'maso mwenimweni. "Madamu, pepani, mzere wachitatuwo mwalakwitsa."

Mwezi umodzi wokha ku Mangalande! Pamaso pa ana makumi atatu! Ulemu wa ku Zomba uja tauwononga tokha.

Pepala loyandikira linali kalata ija. Ndasoveranso samuyo kuseri kwake, kawiri. Mwanayo analondola.

Kalata yodzaza aljebra sangailandire. Tikatsegulira, 7 koloko, mataye.