Chotupa cha Amayi ndi Mafuta Anu Aja

Chimwankhunda, Blantyre

Okondedwa achimwene a Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ana ali bwino, koma amayi ayi, ndipo mukundidziwa, ine zozungulira sinditha.

Chotupa chija cha m'munsi mwa khosi, pafupa lopita kuphewa, chakula ngati dzira. Miyezi itatu akhala akuchibisa ndi mpango, n'kumapakapo mafuta otentha munatumiza pabasi aja. Lolemba ndinachita kuwakoka mpaka kuchipatala. Adokotala atachigwira anati mwina ndi mwanabere wa matenda wamba, mwina TB, mwinanso khansa. Chilichonse chili ndi mankhwala ake, ndiye ayenera kuchotsapo kanyama pang'ono kuti akayeze. Atiuza kuti tipitenso Lachinayi likudzali.

Tili mu minibasi pobwerera, amayi amvekere, "Sindibwererako ine. Yohane anati chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimafalikira."

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Yohane wanuyo amapenta nyumba za azungu, udokotala anauphunzira liti?" Anthu anaseka, ndipo mpaka lero amayi sakundilankhula.

Ine ndi amene ndimawasambitsa, ndikuona mmene akuwondera, ndimachapa zofunda zonyowa ndi thukuta, koma mawu anga ndi mphepo. Inu mukangotumiza voisi imodzi pafoni, basi, yasanduka lamulo.

Ndiye mafuta musatumizenso. Imbani foni lisanafike Lachitatu, muwauze ndi pakamwa panu kuti munalakwitsa. Amamvera inu nokha. Akapanda kupita Lachinayi, tsiku lina abale akadzafunsa chimene tinkadikira, mudzayankha ndinu.

Ambuye akusungeni, akupatseninso kamanyazi pang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Esinati